Malinki osinthasintha ndi cache mu WordPress: mafunso ndi mayankho

Awa ndi mafunso amene anthu osamalira mawebusaiti amandifunsa mobwerezabwereza, kawirikawiri atafufuta kale cache kangapo koma vuto osachoka. Zitsanzo zambiri ndi za WordPress. Drupal ndi Joomla zili ndi funso lake chakumapeto.

Kodi cache ndi chiyani, ndipo ikukhudzana bwanji ndi malinki?

WordPress sisunga masamba ophikaphika. Munthu akatsegula tsamba, seva imayendetsa PHP, chilankhulo chimene WordPress inalembedwamo, imafunsa database (nkhokwe ya zolembedwa zonse) mutu wa nkhani, nkhaniyo, menyu ndi zina, kenako n'kulumikiza zonsezo kukhala HTML, tsamba limene browser imaonetsa. Ntchito imeneyi imadya nthawi. Nkhani ikafala pa WhatsApp, anthu mazanamazana n'kubwera nthawi imodzi, seva yotchipa imagwada.

Cache ndi fotokope ya tsamba lomalizidwalo. Mlendo woyamba amalandira tsamba lopangidwa kumene, seva n'kujambulako kope, ndipo obwera pambuyo amangopatsidwa kopeyo popanda kudzutsa PHP. Malinki onse a patsambapo amajambulidwa limodzi ndi kopeyo, mmene analili pa nthawi yojambulayo.

Nanga linki yosinthasintha ndi iti?

Ndi linki imene adiresi yake sinalembedwe ndi dzanja koma imapangidwa nthawi imene tsamba likutsegulidwa. Ina imasintha malinga ndi munthu, monga yotulukira mu akaunti, ya dengu la katundu, kapena yosinthira nkhani imene amaiona ndi akonzi okha. Ina imasintha ndi nthawi, monga yokhala ndi `_wpnonce` kumapeto, yokopera fayilo imene imafa pakapita maola angapo, kapena batani lolozera ku nkhani yatsopano. Iliponso yosintha ndi chilankhulo kapena mtundu wa foni.

Ganizirani tokeni ya magetsi. Mukhoza kuijambula makope 100, koma imagwira pa mita imodzi yokha. Linki yopangidwira munthu mmodzi kapena nthawi imodzi ikalowa m'kope yogawira aliyense, wina amalandira linki yakufa, wina amalandira ya mnzake. Pafupifupi mavuto onse a m'nkhani ino amachokera pamenepa.

Ndasintha linki koma webusaiti ikuonetsabe yakale. Ndiyambire pati?

Musayambe ndi kufufuta chilichonse. Choyamba dziwani kuti cache si imodzi. Kuchokera kwa mlendo kupita mkati, makope amatha kukhala mu browser yake, pa CDN (ma seva a kampani ina oima pakati pa mlendo ndi seva yanu) monga Cloudflare, pa seva penipeni ngati pali Nginx, Varnish kapena LiteSpeed, mu plugin monga WP Super Cache, W3 Total Cache kapena WP Rocket, komanso mkati mwenimweni mu object cache ya Redis kapena Memcached, imene imasunga mayankho a database. Makampani ambiri a hosting amayatsanso cache yawo, mwini webusaiti osadziwa n'komwe.

Tsegulani tsambalo pa windo la incognito. Likaoneka bwino, vuto linali mu browser yanu yokha, ndipo Ctrl+F5 ikukwanirani. Likakhala lakale, onjezerani `?yesa=1` kumapeto kwa adiresi. Cache zambiri zimaiona adiresi imeneyi ngati yachilendo n'kulola WordPress kupanga tsamba latsopano. Linki yolondola ikatuluka pamenepo, ndiye kuti mu database zonse zili bwino, chikuvuta ndi kope ya tsamba lonse. Ikatulukabe yakale, yang'anani mkati: object cache, ma transient (zinthu zimene WordPress imasunga kwa kanthawi), kapena mwina munasintha linkiyo pa menyu ina yosakhala imene ikuoneka. Chomalizachi chimachitika kawirikawiri kuposa mmene anthu amavomerezera.

Pofufuta, yambirani mkati kutulukira kunja: object cache, plugin, seva, CDN, browser pomaliza. Mukayamba ndi Cloudflare, iyo imapita kukatenga kope ina kwa seva imene ikadasungabe yakale, ndipo mwangotunga madzi ndi dengu.

Kwa ine zonse zikuyenda bwino, koma makasitomala akudandaula. Akulakwitsa ndi iwowo?

Mwina ayi. Inuyo mwalowa ngati admin, ndipo ma plugin ambiri sapereka kope kwa munthu amene ali ndi cookie yoyamba ndi `wordpress_logged_in_`. Choncho inu mukuona tsamba lopangidwa kumene nthawi iliyonse, pamene alendo akudya mkute. Poyesa, tulukani mu akaunti, kapena bwerekani foni ya mnzanu imene sinalowepo mu dashibodi.

Ndingadziwe bwanji cache yeniyeni imene ikundivutitsa?

Funsani ma header, timizere ta chidziwitso timene seva imatumiza pamodzi ndi tsamba. Mu Chrome kapena Firefox dinani F12, pitani pa Network, tsegulaninso tsambalo, dinani mzere woyamba n'kuwerenga Response Headers. Amene amakonda terminal, windo lolembamo malamulo a kompyuta, alembe `curl -I` kutsogolo kwa adiresi.

Cloudflare imalemba `cf-cache-status`. HIT ndiye kuti mwapatsidwa kope, MISS kope panalibe koma mwina yasungidwa tsopano, EXPIRED inalipo koma inatha nthawi, pamene DYNAMIC ikusonyeza kuti Cloudflare sinayese n'komwe kusunga. Mukaona DYNAMIC, ichotseni pa mndandanda wa oganiziridwa. Mwachibadwa Cloudflare imasunga zithunzi, CSS ndi JavaScript, osati HTML, pokhapokha wina atailamula. LiteSpeed imalemba `x-litespeed-cache: hit`. Ma seva ena amagwiritsa ntchito `x-cache`. Header ya `Age` ndiyo yothandiza kwambiri chifukwa imanena masekondi amene kopeyo yakhala: `Age: 86400` ndi tsiku lathunthu.

Ma plugin ena amasiya chizindikiro pansi penipeni pa HTML. Dinani Ctrl+U, tsikani mpaka kumapeto, ndipo WP Super Cache mudzaipeza italemba tsiku ndi nthawi imene inapanga kopeyo. Samalani ndi mawotchi: nthawi za m'ma header zimakhala za GMT, pamene ya ku Malawi ndi Zambia ili patsogolo ndi maola 2. Ndinaonapo munthu akulimbana ndi kope "yakale ndi maola awiri" imene inali itangopangidwa kumene.

Anthu akadina batani kapena kutumiza fomu akuuzidwa kuti "The link you followed has expired". Chikuchitika n'chiyani?

Apa ndi pamene pagona vuto lalikulu, ndiye ndifotokoza mwakachetechete. WordPress imateteza malinki ndi mafomu ochita zinthu, monga kufufuta, kutuluka kapena kutumiza, ndi kachizindikiro kotchedwa nonce. Ndi zilembo ndi manambala 10 opangidwa kuchokera ku ntchitoyo, munthuyo ndi nthawi. Dzinalo limanamiza: nonce ya WordPress simagwira kamodzi kokha, imagwira kangapo mpaka nthawi yake ithe.

Anthu amati imakhala maola 24, koma zoona zake n'zoti imakhala pakati pa maola 12 ndi 24. WordPress imagawa tsiku m'zigawo ziwiri za maola 12, ndipo imalandira nonce ya chigawo chino ndi ya chigawo chapitacho basi. Zigawozo zimasintha pakati pa usiku ndi pakati pa usana pa nthawi ya GMT, kutanthauza 2 koloko usiku ndi 2 koloko masana kwathu kuno. Nonce yopangidwa 1:50 masana imafa 2 koloko usiku womwewo, itakhala maola 12 ndi mphindi 10. Yopangidwa 2:10 masana imafika mpaka 2 koloko masana mawa lake. N'chifukwa chake vutoli limaoneka ngati la mizimu: lero fomu ikugwira mpaka madzulo, mawa yafa m'mawa.

Tsopano ikani tsamba lokhala ndi nonce mu cache ya sabata yathunthu. Plugin ya LiteSpeed Cache, mwachitsanzo, imabwera ndi masekondi 604800 pa masamba a aliyense, amene ndi masiku 7. Ma nonce a ma plugin odziwika imadziwa kuwasamalira, koma a fomu yolembedwa ndi mnyamata amene anakupangirani webusaiti sikuwadziwa. Ndinathandizapo sukulu ina ya ntchito zamanja imene fomu yake yolembetsera inkagwira Lolemba lokha. Mlembi ankaika chidziwitso chatsopano Lolemba m'mawa, cache n'kufufutika, fomu n'kudzuka. Pofika Lachiwiri masana inali itafa, ndipo ofuna malo ankangoimba foni kudandaula kuti bandulo yawathera pachabe. Mlembiyo anali atayamba kukhulupirira kuti webusaitiyo imafuna kuikhudza ndi dzanja lake.

Njira yachidule ndi kufupikitsa moyo wa cache kuti usafike maola 12. Opanga WP Rocket anaika maola 10 pa chifukwa chomwechi. Koma onetsetsani kuti mwawerengera ma cache onse pamodzi: plugin ikasunga maola 10, CDN n'kutenga kopeyo pa ola la 9 n'kuisunganso maola 10, mwafika kale 19. Njira ina ndi kuchotsa tsamba la fomu lokhalo mu cache. Njira yabwino koposa ili m'munsimu, pa funso lozimitsa cache yonse. Kutalikitsa moyo wa nonce ndi `nonce_life` n'kotheka, koma ine sindikulimbikitsani, chifukwa mukufooketsa loko wa chitseko pofuna kusangalatsa makina a fotokope.

Chenjezo limodzi: uthenga womwewu umabweranso mukamakweza theme kapena plugin yaikulu kuposa `post_max_size` ya PHP. Pamenepo PHP imataya zonse za m'fomu, nonce yomwe, ndipo cache ilibe mlandu. Kwezani malirewo.

Mlendo wina waona dzina la munthu wina pamwamba pa tsamba, ndi linki ya akaunti yake. N'zoopsa?

Eya, ndipo muzimitse cache ya masamba pompano musanapitirize kuwerenga. Chachitika n'chakuti tsamba lopangidwira munthu wolowa mu akaunti lajambulidwa n'kugawidwa kwa aliyense. Ngati linali tsamba la oda, ndiye kuti adiresi ndi nambala ya foni ya kasitomala zaonedwa ndi anthu osawadziwa.

Nthawi zambiri gwero lake ndi lamulo la "Cache Everything" pa CDN, loikidwa ndi munthu amene anawerenga kuti limathamangitsa webusaiti koma sanaike zopatula. Plugin ya mkati mwa WordPress imadziwa amene walowa. CDN ndi Varnish sizidziwa, zimangoona adiresi, mpaka mutaziuza kuti zilambalale cache zikaona ma cookie oyamba ndi `wordpress_logged_in_`, `wp-postpass_`, `comment_author_` ndi `wp_woocommerce_session_`, komanso adiresi za `/wp-admin/` ndi `wp-login.php`. Musadalire header ya `Vary: Cookie` yokha, chifukwa si CDN iliyonse imene imailemekeza.

Ngati tsambalo linalembedwa mwapadera, wolemba code aitane `nocache_headers()` ndi kuika `DONOTCACHEPAGE`, chizindikiro chimene ma plugin akuluakulu amachimvera. Dziwaninso kusiyana kwa mawu awa mu `Cache-Control`: `private` ikutanthauza kuti browser ya munthuyo yokha ndiyo isunge, `no-store` ndiye kuti pasapezeke wosunga, pamene `no-cache` imalola kusunga koma imafuna kufunsa kaye seva musanagwiritse ntchito kopeyo. Ambiri amaika `no-cache` akufuna `no-store`.

Pa shopu yanga ya WooCommerce dengu likuonetsa zachilendo, ndipo wolipira akabwerera oda sikusintha.

Masamba a cart, checkout ndi my-account sayenera kusungidwa, ndipo WooCommerce imawaika chizindikiro cha `DONOTCACHEPAGE` yokha. Koma mukawasintha mayina kukhala `/dengu/` kapena `/lipirani/`, malamulo a pa seva ndi pa CDN amene analembedwa ndi mayina achingerezi sawazindikiranso. Lowetsani mayina atsopanowo pa mndandanda wa zopatula.

Kanambala ka pa dengu pamwamba pa tsamba kamasinthidwa ndi JavaScript kudzera pa `wc-ajax=get_refreshed_fragments`. Adiresi iliyonse yokhala ndi `wc-ajax`, `add-to-cart` kapena `wc-api` ilambalale cache. Yomalizayi ndiyo khomo limene makampani ambiri olandira ndalama amagogodapo kudzanena kuti kasitomala walipira, kaya ndi khadi, Airtel Money kapena TNM Mpamba. Khomolo likayankhidwa ndi kope, WordPress samva kugogodako, ndalama zachoka koma oda ikadali "Pending payment". Ngati muli ndi plugin yotsegulira malinki pasadakhale munthu akangoyandikiza mausi, ipatuleninso malinki a `add-to-cart` ndi otulukira, kuopa kuti katundu azilowa yekha m'dengu.

Malinki okopera mafayilo akumafa pakapita nthawi. Ndiwatalikitse moyo?

Malinki osainidwa (okhala ndi siginecha ya chitetezo), monga a Amazon S3 yosungirako mafayilo, amanyamula nthawi yake yothera mkati mwa adiresi, ndipo a S3 sangapitirire masiku 7. Akalowa m'tsamba losungidwa amafa ngati nonce, ndipo wodina amaona uthenga wa "Request has expired". Kuwatalikitsa kumangochedwetsa maliro.

Patsamba ikanipo linki yosasintha, monga `/kopani/lipoti-2024/`. Munthu akaidina, WordPress ipange linki yosainidwa nthawi yomweyo n'kumutumizako ndi 302, redirect youza browser kuti kusamukako n'kwa kanthawi chabe, pamodzi ndi `no-store`. Tsamba lalikulu likhoza kukhala mu cache mwezi wathunthu popanda vuto, chifukwa chosinthasinthacho mwachichotsamo. Nzeru yomweyi imagwiranso pa batani la "nkhani yatsopano" kapena "ulaliki wa sabata ino".

Ndinachotsa redirect yolakwika koma browser ikunditumizabe komweko.

Munagwiritsa ntchito 301, imene imauza browser kuti tasamuka mpaka kalekale. Browser imakhulupirira ndipo sifunsanso seva. Kwa inu, fufutani cache ya browser kapena chongani "Disable cache" pa Network mutadina F12. Za m'mafoni a alendo simungazifufute. Chimene mungachite ndi kuonetsetsa kuti adiresi yolakwikayo ili ndi chinachake chothandiza, koma musaitumizenso kumene inachokera mosaganiza, mungapange chizungulire.

Poyesa zinthu gwiritsani ntchito 302, ndipo muisinthe kukhala 301 mukatsimikiza. Kumbukiraninso kuti WordPress imasunga dzina lakale la nkhani mu `_wp_old_slug` n'kumatumiza anthu ku latsopano payokha. Redirect imene simukuikumbukira mwina inachokera pamenepo.

Ndasintha ma permalink kapena ndaika plugin, ndipo malinki akupereka 404.

Ichi kawirikawiri si cache ya masamba. WordPress imasunga malamulo omasulira adiresi mu database pansi pa dzina la `rewrite_rules`. Pitani pa Settings, Permalinks, dinani Save Changes osasintha kanthu, ndipo malamulowo alembedwanso. Ndi WP-CLI, chida cholamulira WordPress pa terminal, ndi `wp rewrite flush`.

Zikakanika, ndipo mu `wp-content` muli fayilo ya `object-cache.php`, ndiye kuti Redis kapena Memcached ikhoza kukhala ikuperekabe malamulo akale. Lembani `wp cache flush`. Pa hosting yogawana ndi mawebusaiti ena anu onetsetsani kuti iliyonse ili ndi chiyambi chakechake cha makiyi a Redis, apo ayi webusaiti imodzi imatha kutola malinki a inzake. Pomaliza fufutani cache ya masamba monga tafotokozera pa funso lachitatu, chifukwa tsamba la 404 nalonso limasungidwa.

Ndasamukira ku domain ina kapena ku https, koma malinki ena akulozabe kwakale.

Ambiri mwa malinki amenewa sali mu cache, analembedwa mu database. Sinthani `siteurl` ndi `home`, kenako gwiritsani ntchito `wp search-replace`, poyamba ndi `--dry-run`, mutasunga kope ya database. Musasinthe ndi SQL wamba, chifukwa zosunga za ma theme ndi ma widget zimawerengera kutalika kwa mawu, ndipo adiresi ikasintha kutalika zimasweka. Elementor imasunga CSS yakeyake m'mafayilo, ndiye ipangitseninso kuchokera pa Tools.

Mukaona ERR_TOO_MANY_REDIRECTS pa Cloudflare, yang'anani SSL. Ikakhala pa Flexible, Cloudflare imalankhula ndi seva pa http, seva n'kumabweza ku https, osatha. Ikani satifiketi pa seva n'kusankha Full.

Malinki ochokera ku Facebook amabwera ndi `fbclid`. Ndiuze cache iziwanyalanyaza?

Eya, pa `fbclid`, `gclid` ndi `utm_source` ndi anzake, tizizindikiro ta kumapeto kwa adiresi tongosonyeza kumene mlendo wachokera. Popanda kutero, aliyense wochokera ku Facebook amaoneka ngati wapempha tsamba lachilendo, ndipo cache imakhala yopanda ntchito pa nthawi imene mukuifuna kwambiri.

Koma musanyalanyaze zonse za pambuyo pa chizindikiro cha funso. `?s=` ndi kufufuza, `?p=` ndi nambala ya nkhani, `?lang=` ndi chilankhulo, `?orderby=` ndi kasanjidwe ka katundu. Mukazinyalanyaza, wofufuza "feteleza" adzalandira zotsatira za amene anafufuza "mbewu". `?ver=` ya pa CSS ndi JavaScript nayonso isiyeni, ndi imene imauza browser kuti fayilo yasintha, ngakhale malangizo akale ankati muichotse. Palinso kamsampha: malinki a "tsamba lotsatira" amatha kutengera zonse zimene zinali pa adiresi ya mlendo woyamba. Ngati anabwera ndi `?ref=` ya wotsatsa wina, ndipo cache ikuinyalanyaza, alendo onse otsatira amanyamula `ref` yomweyo.

Webusaiti yathu ili m'Chichewa ndi m'Chingerezi, koma malinki a menyu akumasakanikirana.

Chilankhulo chikamasankhidwa ndi cookie, monga `pll_language` ya Polylang, kapena ndi chilankhulo cha browser, adiresi imodzi imakhala ndi masamba awiri, ndipo cache imasunga la amene wafika poyamba. Patsani chilankhulo chilichonse adiresi yake, `/ny/` ndi `/en/`. Tsamba loyamba ndilo limavuta kwambiri: zimitsani zoti lizilosera chilankhulo cha mlendo, mungoika mabatani awiri oonekera bwino. Kwathu kuno kuloserako n'kopanda phindu kale, popeza mafoni ambiri a olankhula Chichewa anatcheredwa m'Chingerezi.

Chimodzimodzinso theme imene imagwiritsa ntchito `wp_is_mobile()` popereka malinki osiyana pa foni ndi pa kompyuta. Yatsani cache yapadera ya mafoni, kapena siyani CSS igwire ntchitoyo.

Nkhani yatsopano yatuluka koma sikuoneka patsamba loyamba. Ina yoikidwa kuti ituluke yokha yalembedwa "Missed schedule".

Mukasindikiza nkhani, plugin imafufuta kope ya nkhaniyo, tsamba loyamba ndi magulu ake. Tsamba lina lililonse lokhala ndi kabokosi ka "nkhani zaposachedwa" silidziwika kuti likukhudzidwa. Lilembeni pa mndandanda wa masamba ofufutidwa nthawi zonse, kapena lipatseni moyo waufupi. Ngati CDN ikusunga HTML, ilumikizeni ndi plugin kuti kufufuta kuzifika kumeneko.

Za "Missed schedule" zimachokera kwina. Wotchi ya WordPress, `wp-cron.php`, imayenda pokhapokha mlendo akadzutsa PHP. Cache ikamagwira bwino kwambiri, PHP imagona, wotchi n'kuima. Ikani `DISABLE_WP_CRON` mu `wp-config.php` n'kukhazikitsa cron yeniyeni, wotchi ya seva imene sidalira alendo, yoyenda mphindi 5 zilizonse.

Ndakonza zonse, koma pa Facebook ndi WhatsApp linki ikubwerabe ndi chithunzi ndi mutu wakale.

Imeneyo ndi cache yawo, osati yanu. Facebook ili ndi Sharing Debugger: ikanimo adiresi n'kudina Scrape Again, mutafufuta kaye cache yanu. WhatsApp ilibe batani lotere, ndipo mauthenga amene anatumizidwa kale sasintha. Potumizanso, onjezerani `?v=2` kumapeto kwa linki, ndipo chithunzi chatsopano chikhale ndi dzina latsopano la fayilo.

Wodandaula mumufunsenso browser imene akugwiritsa ntchito. Opera Mini, imene ambiri amaikonda posunga bandulo, ikakhala pa kusunga data kwambiri imadutsitsa masamba pa ma seva a Opera, ndipo JavaScript simayenda mmene imayendera pa Chrome. Linki imene imalembedwa ndi JavaScript tsamba litatseguka ikhoza kusaoneka bwino kumeneko.

Bwanji ndingozimitsa cache yonse n'kupuma?

Pofufuza vuto, zimitsani ndithu. Cloudflare ili ndi Development Mode imene imadzizimitsa yokha pakapita maola 3. Koma kusiya webusaiti yopanda cache chifukwa cha linki imodzi ndi kuwotcha nkhokwe pofuna kupha khoswe. Tsiku limene nkhani yanu idzafale ndi lomwe webusaiti idzagwe, ndipo wowerenga wa netiweki yofooka sadikira tsamba lochedwa.

Chotsani kagawo kosinthasinthako, tsamba lotsalalo lisungidwe. Njira imodzi ndi ESI, imene imasiya bowo m'kope kuti seva izidzazamo nthawi iliyonse. Varnish imaidziwa, LiteSpeed yolipira imaidziwa, koma OpenLiteSpeed yaulere ayi. Mu plugin ya LiteSpeed Cache muli bokosi la ESI Nonces lolembamo dzina la nonce yanu. Njira ina ndi yoti JavaScript ipemphe linki kapena nonce tsamba litatseguka, kudzera pa `admin-ajax.php` kapena REST API, bola adiresi yopemphayo isasungidwe, ndipo muiyese pa Opera Mini monga tanenera pamwambapa. Yachitatu ndi linki yosasintha yotumiza ndi 302, ya pa funso la mafayilo, imene ine ndimaikonda chifukwa sidalira mtundu wa seva kapena wa browser.

Olemba code asamalenso ndi `set_transient()`. Mukasunga menyu yonse pansi pa kiyi imodzi, linki yotulukira ya munthu woyamba imalowa momwemo, ndipo palibe batani la plugin ya cache ya masamba limene lingaichotse. Kiyi inyamule chimene chimasiyanitsa anthu, kapena sungani manambala a nkhani okha n'kumapanga malinki pa nthawi yoonetsa.

Nanga pa Drupal ndi Joomla?

Kuyambira pa Drupal 8, imene inatuluka mu 2015, kagawo kalikonse ka tsamba kamanena kokha za cache yake m'njira zitatu. Ma context amanena chimene chimakasiyanitsa, monga `user`, `url.query_args` kapena `languages`. Ma tag amanena chimene chikasintha kagawoko kafufutidwe, monga `node:12`. Max-age ndi nthawi. Linki ikamaonetsa za munthu wina, pali context imene yaiwalidwa. Ikamakhala yakale pambuyo posintha nkhani, yaiwalidwa ndi tag. `drush cr`, lamulo lofufuta cache yonse ya Drupal, limachotsa chizindikiro cha matenda kwa kanthawi chabe. Dziwaninso kuti Internal Page Cache, imene imatumikira alendo osalowa mu akaunti, simvera max-age ya kagawo, ndiye kuika 0 sikuthandiza kwa alendowo.

Pa Joomla pali Conservative ndi Progressive mu Global Configuration, kuphatikizapo plugin ya System - Page Cache imene imasunga tsamba lonse. Malinki a m'ma module akasokonekera, bwererani ku Conservative, zimitsani cache pa module yokhayo, ndipo masamba a mafomu muwapatule mu plugin ija.

Zonse zakanika. Ndikawalembera a hosting ndiwauze chiyani?

Musangolemba kuti webusaiti sikuyenda, adzakuyankhani kuti mufufute cache ya browser. Apatseni adiresi yeniyeni ya tsamba, linki imene ikuoneka ndi imene ikuyenera kuoneka, nthawi imene munayesa motchula kuti ndi ya ku Malawi, ndi zonse zimene `curl -I` yatulutsa, poyamba pa adiresi wamba kenako pa yokhala ndi `?yesa=1`. Nenani ngati vutoli likuoneka kwa olowa mu akaunti, kwa alendo, kapena kwa onse, ndipo tchulani plugin ya cache ndi CDN imene muli nayo.

Kenako afunseni mafunso atatu mwachindunji: pa seva pali cache ya masamba imene simukuiona mu dashibodi, imasunga kwa masekondi angati, ndipo ndi ma cookie ndi adiresi ziti zimene zimailambalala. Musanatumize, fufutani mizere ya `Cookie` ndi `Set-Cookie` pa zimene mwakopera, chifukwa cookie ya `wordpress_logged_in_` imatsegula akaunti yanu popanda pasiwedi.